Mapiritsi abuluu aja usawamwenso

Mwana wanga,

Mchemwali wako wandiuza nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza kuti aulule. Akuti mnzako uja, yemwe sindinamukonde chiyambire, wakhala akukupatsa mapiritsi a Viagra, aja othandiza abambo kuchipinda, ndipo mumatsitsira ndi mowa. Iweyo amene adokotala anakupatsa nitroglycerin woika kunsi kwa lilime chifukwa cha kuthina kwa pamtima kuja! Zoona iwe?

Za kuchipinda kwako sindilowererako, ndiwe wamkulu ndipo uli pabanja. Chimene chikundiopsa ndi mankhwala awiriwa kukumana m'thupi limodzi.

Ntchito ya m'chipatala ndinapuma, koma izi sindinaiwale. M'khoma la mtsempha wa magazi muli minofu yomwe munthu sailamula mwakufuna kwake. Ikakoka, njira ya magazi imachepa ndipo BP imakwera. Ikamasuka, njira imakula, BP n'kutsika. Chimene chimaiuza kuti imasuke ndi kakhungu kopyapyala kokuta mkati mwa mtsemphawo. Kakhunguka kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, womwe umalowa m'minofu muja n'kudzutsa puloteni yotchedwa guanylyl cyclase kuti ipange kachinthu kotumiza uthenga m'maselo kotchedwa cGMP. Ndiye cGMP ikachuluka, kashiamu, amene amachititsa minofu kukoka, amachepa m'maselo, minofu imaleka kukoka, mtsempha umatseguka. Asayansi atatu, Furchgott, Ignarro ndi Murad, analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa cha nkhani ya mpweya umenewu, chaka chomwechonso Viagra inaloledwa kugulitsidwa ku America.

Kuti mitsempha isangokhala yasa, thupi lili ndi puloteni ina, PDE5, yomwe imaphwanya cGMP ntchito ikatha. Tsono mvetsera. Nitroglycerin wako amawonjezera nitric oxide, cGMP n'kuchuluka. Viagra imatsekereza PDE5, cGMP osaphwanyidwanso. Kuli ngati kuponda mafuta pagalimoto yomwe mwaidula mabuleki. Mitsempha ya thupi lonse imamasuka nthawi imodzi, BP imagwa, ubongo umasowa magazi, munthu amakomoka. Mtima wakowo, womwe ukulandira kale magazi operewera, umatsala ndi ochepa kuposa pamenepo. Anthu amafa nazo. Mowa nawonso umatsegula mitsempha, ndiye iwe ukuwonjezera chachitatu.

Uli mwana unkabisa mapiritsi a malungo kunsi kwa pilo, amayi ako n'kumawapeza atasungunuka. Tinkachita kukugwira anthu awiri. Lero ukumeza chilichonse chimene wakupatsa munthu woti sanaphunzirepo za mankhwala. Kodi iyeyo akudziwa kuti uli ndi vuto la mtima? Akadziwa, angasamale? Ine ndikukayika.

Ndikuuzenso china, usachite manyazi ndi bambo ako. Vuto limene likukuthamangitsira ku mapiritsiwa kawirikawiri limachokera ku mitsempha yomweyo. Kakhungu kaja kakawonongeka ndi fodya, shuga kapena BP, nitric oxide amachepa, ndipo timitsempha ting'onoting'ono ndi timene timayamba kuonetsa. Fodyayo ndinakuuza kangati? Sindibwerezanso lero. Ayi, ndibwereza: usiye.

Upite kwa adokotala ako ukawauze zonse, ndi za Viagra zomwe. Amva zambiri, saseka. Iwo ndi amene angaone ngati mankhwala ako a mtima angasinthidwe. Ndipo ngati wamwa kale piritsilo kenako pamtima n'kuyamba kuthina, usaike nitroglycerin kunsi kwa lilime. Thamangira kuchipatala, ndipo mawu oyamba uwauze chimene wamwa ndi nthawi yake. Usanagwiritsenso ntchito nitroglycerin, pamafunika kudutsa maola osachepera 24 ukamwa Viagra, ndipo 48 ukamwa Cialis, piritsi lina la ntchito yomweyo, chifukwa ilo limakhalitsa m'magazi. Mpongozi wanga azidziwenso zimenezi, poti ukakomoka wokuyankhulira ndi iyeyo.

Amayi ako sindinawauze, BP yawo ukuidziwa. Akungodabwa kuti ndikulemba chiyani usiku uno. Mapiritsi abuluu amene atsala m'thumba mwakomo uwataye, ndipo mnzakoyo umuuze kuti ndanena ndine. Undiimbire Lamlungu, ndimve kuti wapita kwa adokotala.

Ndine bambo ako.