Hard drive yanga sinali yakufa ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, komanso nditsine khutu anzanga amene timadyera makompyuta akale.

Ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope ku Area 25. Sikana yanga ndi yakalekale koma imajambula bwino zedi, vuto lake imangomvana ndi Windows XP basi. Kompyuta yanga itapsa mwezi watha, ndinagula ina yogwirapo kale ntchito ku Area 2 kuti ndiikemo XP yemweyo.

CD ya XP inazungulira bwinobwino, mafayilo n'kumalowa. Kenako zii, n'kulemba kuti sikupeza hard drive iliyonse, chipangizo chosungira mafayilo, m'kompyutamo. Ndinayesa kanayi konse. Ulendo wina sikirini inangosanduka ya buluu n'kutulutsa nambala yakuti 0x0000007B.

Ndinakwera minibasi chikompyuta chili pamiyendo kupita kwa wokonza wina m'tauni. Munthuyo sanalowe n'komwe mu BIOS, malo osinthira kagwiridwe ntchito ka zipangizo za m'kompyuta Windows asanayake. Anangowerenga uthengawo n'kunena kuti, "Mayi, hard drive iyi yafa, gulani ina." Ndinagula kwa iye yemweyo ndi ndalama imene ndinasungira lendi. Yakaleyo anati aitaya yekha, ndipo poti analibe CD ya XP, anati ndikamalize ndekha kunyumba. Kufika ku shopu, uthenga uja uli pomwepo, sunasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Misozi inalengeza, chifukwa sabata imeneyo ndinali nditabweza kale makasitomala ambiri ofuna kujambulitsa masatifiketi ofunsira ntchito.

Loweruka kunabwera mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za makompyuta. Anayatsa, n'kudina F2 kulowa mu BIOS, n'kupita pamene palembedwa SATA, mtundu wa kalumikizidwe ka hard drive yangayo. Panali AHCI, njira yatsopano yolankhulirana ndi hard drive, iye anasintha kuika IDE, njira yakale, n'kudina F10 kuti asunge zimene wasinthazo. Madzi a tiyi asanawire, XP anali ataiona hard drive.

Anandifotokozera kuti XP anatuluka mu 2001, nthawi imene ma hard drive ambiri anali a IDE, aja a chingwe chotambalala ngati lamba. Za SATA zinafala pambuyo pake, choncho CD ya XP ilibe driver wa AHCI, kapulogalamu kothandiza Windows kumvana ndi hard drive yotere. Ndiye chifukwa chake poyambirira imati udine F6 n'kulowetsa driver pa floppy, kadisiki kachikale kaja. Nanga floppy ungaipeze kuti mu Lilongwe muno lero? 

Anandichenjezanso kuti Microsoft inasiya kuteteza XP mu April 2014, choncho kompyutayi sindiilumikiza ku intaneti. Mafulashi a makasitomala ndimayamba ndawalowetsa pa laputopu ya mwana wanga kuti ndione ngati alibe mavairasi.

Chimene chikundipweteka ndi wokonza uja. Ngati sankadziwa za AHCI, bwenzi atangonena kuti zamukanika, ine ndikanapita kwina. Ngati ankadziwa, ndiye kuti anandibera masanasana, ndipo hard drive yanga yabwinobwino mwina waigulitsa kale kwa munthu wina. Okonza makompyuta inu, chonde muzibweza kwa mwini wake chilichonse chimene mwachotsa, chakufa kapena chamoyo.

Ndapitako kawiri kukaitanitsa yanga. Koyamba anati ili kwa mnzake, kachiwiri ndinapeza potseka. Lolemba ndipitanso, ndipo ulendo uno nditenga mwana wa achemwali anga uja.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe