Dandaulo pa ntchito yoyeza mabering'i a chigayo changa ku Santhe

Kwa Bwana Manijala,

Ndalemba kalata chifukwa pa foni pandikwana. Nkhani yanga mukuidziwa, ndipo lisiti ili m'mabuku mwanu.

Pondilipiritsa munandilonjeza kuti mnyamata wanu adzayeza ndi ultrasound (mafunde a phokoso losamveka ndi khutu la munthu) kukhuthala kwa mafuta m'mabering'i a chigayo. Anabweradi, ali ndi zomvera m'makutu, nagunditsa kachitsulo pa hauzing'i, chitsulo chimene bering'i imakhalamo, nati zonse zili bwino, tiwonjezere girizi basi. Anapopa mpaka girizi kutulukira m'mbali. Mwezi usanathe, bering'i ya mbali ya pule inatentha n'kugwira shafiti, azimayi ali pamzere ndi matumba awo a mphale. Nthawi yake ndi ino yokolola, pamene chigayo chimabweza ndalama za chaka chonse.

Ndafunsa kwa odziwa. Mafuta amene amalekanitsa mipira ya bering'i ndi njira yake nthawi zambiri safika micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo chikwi a milimita), pamene tsitsi la munthu limakhuthala ma micron makumi angapo. Kuti ayezedwe, pamafunika kachipangizo komatidwa pa bering'i, kotumiza mafunde a ma megahertz (ogunda maulendo mamiliyoni pa sekondi) n'kuwerenga kuchuluka kwa amene abwerera. Mafuta akapyapyala, mafunde ambiri amadutsa, obwerera amachepa. Kanu kaja kamangomvetsera phokoso la kukhulana kwa zitsulo n'kuonetsa ma decibel, muyeso wa kukula kwa phokoso. Ndi kothandiza ndithu, koma sikayeza kukhuthala. Ndiponso wogwiritsa ntchito kameneka amayenera kusiya kupopa phokoso likatsika, chifukwa girizi wochuluka amatenthetsa bering'i yothamanga. Mnyamata wanu anavula zomverazo asanayambe n'komwe kupopa. Ndiye ndinalipira chiyani?

Ku ofesi kwanu ku Lilongwe ndabwerako mobwerezabwereza kudzafuna lipoti la zimene munayeza, kudzuka m'bandakucha, kulipira minibasi ya pa M1, n'kukauzidwa kuti abwana ali ku msonkhano, kapena lipoti lili pa kompyuta ya munthu amene ali pa tchuthi. Ulendo womaliza ndi umene wandilembetsa kalatayi. Bambo wa pa kauntala, maso ali pa foni yake, anandiuza pamaso pa makasitomala ena kuti, “Madala, zimenezi n'za anthu ophunzira. Inu a zigayo zakumudzi mumapaka girizi ndi chala, ndiye mukufuna lipoti muliwerenge bwanji?” Anzake anaseka. Nditapempha dzina lake, anati ndikafunse kwa mlonda pa geti. Zikomo kwambiri chifukwa cha maphunzirowo. Koma ndalama zanga pozilandira simunafunse setifiketi yanga ya sukulu.

Ndikufuna zinthu izi: lipoti lolembedwa la zimene munayeza, lokhala ndi manambala ake, ndalama zoyezera zibwezedwe zonse, ndipo bering'i ndi shafiti mulipire ndinu. Za makasitomala amene apita ku zigayo za anzanga sindikuwerengera, ngakhale zikundiwawa.

Mukapanda kuyankha molemba pasanathe masiku 14, nkhaniyi ndipita nayo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Eni zigayo a ku Santhe ndi ku Kasungu boma, amene ena ndinawauza ndine za kampani yanu, ndawachenjeza kale kuti ayambe adikira.

Ine kasitomala wanu,
Mwini chigayo, Santhe, Kasungu