Kutentha kwa m'makina a thermoacoustic kuyezedwe ndi kuwala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa makina a thermoacoustic, aja osandutsa kutentha kukhala mafunde a phokoso, kapena oziziritsa zinthu ndi mafundewo. Ena owapanga amangolowetsa thermocouple, kawaya koyezera kutentha, pakati pa mapuleti a stack (mapuleti osanjikizana a m'paipi ya makinawo) n'kukhulupirira zomwe yawerenga. Cholakwika chagona pamenepo.

Pa 100 Hz, kutanthauza mafunde 100 pa sekondi, mpweya wosinthana kutentha ndi puleti ndi wokhawo woyandikana nayo pa mamilimita 0.27 basi. Kawaya ka thermocouple kamatchinga njira yopapatizayi, komanso n'kochedwa: mpweya ukupita n'kubwerera ka 100 pa sekondi, iko kakungonena kutentha kwapakatikati.

Kuwala sikukhudza mpweyawo. Poyeza liwiro la mpweya ndi PIV, njira yojambula timadontho toyenda nawo, thirani m'paipi timadontho tamafuta ta maikiromita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Laser ya mtundu wa Nd:YAG, ya kuwala kobiriwira kwa 532 nm, iwale kawiri motsatizana, kuwala kwake kuli kophwatalala ngati pepala, kochindikala milimita imodzi, ndipo kamera ijambule kawirinso. Kompyuta imaona mtunda womwe timadonthoto tasuntha. Chachikulu n'chakuti laser izilamulidwa ndi maikolofoni ya m'paipimo, kuti zithunzi zizijambulidwa pa gawo lomwelomwelo la funde, mwachitsanzo magawo 20, lililonse kambirimbiri. Mukapanda kutero, mwaphatikiza mpweya wopita ndi wobwerera, ndipo timikuntho ta kumapeto kwa mapuleti sitioneka n'komwe.

Zosokoneza sizisowa. Puleti yonyezimira imabweza kuwala n'kuphimba timadontho tapafupi nayo, pomwe pali nkhani yonse. Ipakeni penti wakuda wosawala. Kumbali yotentha mafuta amauma, timadontho n'kuzimiririka, tina timamatirira pazenera la paipiyo. Nthawi ya pakati pa kuwala kuwiri kuja izisinthidwanso: yoyenera pamene mpweya uli pa liwiro lalikulu imachepa kwambiri pamene ukutembenuka.

Za kutentha, njira ndi PLIF, yojambula kunyezimira kwa nthunzi yowalitsidwa ndi laser. Sakanizani mpweya ndi nthunzi ya mankhwala a acetone, muwalitse ndi laser ya 266 nm, kuwala kosaoneka ndi maso, acetoneyo amanyezimira mosiyana malinga ndi kutentha. Zenera lolowera kuwalako likhale la galasi la quartz chifukwa galasi wamba limameza kuwala kotere. Yambani mwajambula pa kutentha kodziwika, mafunde atazimitsidwa, kuti mukhale ndi poyerekezera. Acetone sachedwa kuyaka, choncho m'paipi mukhale nayitirojeni m'malo mwa mpweya wamba.

Amene kamera yake ndi yofooka atalikitse paipi, mafunde atsike kufika pa 13 Hz. Malo aja a mpweya wosinthana kutentha ndi puleti amakula kupitirira mamilimita 0.7.

Ine wanu,
Wowerenga