Dandaulo pa Mabatire a Sola Amene Munandigulitsa

Salima
14 Okutobala 2024

Kwa Akuluakulu Oyang'anira Malonda,

Bwana,

Ndine mayi wogulitsa nsomba ndi mafirizesi kuno ku Salima. Ndaganiza zolemba kalata chifukwa ndaimba foni mpaka kutopa, ndipo yankho lake ndi limodzi lokhalokha, lakuti abwana atuluka.

Mu Januwale 2023 ndinagula kwa inu mapanelo a sola anayi, inverter imodzi (chipangizo chosandutsa magetsi a mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ndi mabatire awiri, ndipo anyamata anu ndi amene anabwera kudzalumikiza. Lisiti ndikusunga, pamodzi ndi pepala limene munadindapo kuti katunduyu ali ndi waranti ya zaka 2. Nyengo imeneyo mukuikumbukira. Namondwe wa Ana anali atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankapita m'mawa n'kudzabwera anthu tikukonzekera kugona. Chambo chinandiwolera kawiri mufiliji. Ndiye nditamva wogulitsa wanu akunena kuti filiji yanga izigwira usiku wonse popanda vuto, ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, ndinagulitsanso mbuzi zitatu, kuti ndalama zikwane.

Miyezi yoyamba zinkayenda, sindinganame. Koma pofika Juni chaka chino, dzuwa likangolowa, inverter imayamba kulira ngati mwanapiye wosochera, kanyali kofiira kakuphethira, ndipo isanakwane 8 koloko zonse zazima. Mmawa wa pa 3 Seputembala ndinatsegula filiji n'kupeza madzi ofiirira ali thapwi pansi, chambo chimene ndinapikula ku Senga Bay dzulo lake chitafewa mimba, maso atalowa. Mafirizesi a ana a sukulu anali atabwerera kukhala madzi. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kukwirira mpamba wanga wonse wa sabata imeneyo.

Patapita masabata atatu mnyamata wanu anabwera. Sanakwere padenga, ngakhale choyezera sanatulutse m'chikwama. Anangoti vuto ndi dzuwa, silikukwana. Bwana, ku Salima? Kwathu kuno mwezi uno munthu sungaponde mchenga wopanda nsapato. Ndi m'boma lomwe lino, ku Nanjoka, kumene anamanga malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe akugwira ntchito kuyambira 2021. Akatswiri aja anasankha kuno chifukwa dzuwa lilipo lokwanira kuthandiza dziko lonse, ndiye lingalephere bwanji kudzaza mabatire awiri a mayi wa nsomba?

Chimene chandipweteka mtima kwambiri ndachiona sabata yatha. Mlamu wanga, yemwe amakonza zamagetsi a galimoto, ankapukuta fumbi pa mabatirewo ndipo anaona kuti chipepala chomata cholembedwa 200Ah (nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene batire imasunga) chayamba kumatuka pakona chifukwa cha kutentha. Atachikoka pang'ono, pansi pake panali nambala ina yodindidwa pa batire penipenipo: 100Ah. Mabatire onse awiri ali choncho. Pa lisiti yanu munalemba 200Ah, ndipo ndalama zimene ndinapereka ndi za 200Ah. Kutereku kuyambira tsiku loyamba mabatirewa akhala akusenza katundu woposa msinkhu wawo, usiku uliwonse kukamidwa mpaka kuuma, n'chifukwa chake afa msanga. Sindikudziwa ngati zimenezi zinachitikira m'sitolo mwanu kapena kumene munakaoda, koma amene ndinamupatsa ndalama m'manja ndi inu. Zithunzi ndajambula ndipo ndaziphatika ku kalatayi.

Nditafotokoza izi pa foni, mayi wa ku ofesi kwanu anandiuza kuti mabatire atsopano alipo, koma ndionjezere ndalama chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugwa kwa kwacha ndikukudziwa bwino, kunandipezanso ine pa mtengo wa shuga ndi timapepala ta mafirizesi. Koma pa pepala la waranti palibe pamene panalembedwa kuti lonjezo lanu limatha ndalama ikagwa. Panopa filiji ndaibwezera ku magetsi a mawaya, ndipo chikwerereni mtengo wa magetsi mu 2023, mayunitsi amene kale ankandifikitsa kumapeto kwa mwezi akumathera panjira. Ndikulipira kawiri: mayunitsi uku, ngongole ya sola yosagwira ntchito uku. Amayi anzanga a ku banki m'khonde, amene atatu mwa iwo ndinawalozera ine ndemwe ku sitolo yanu, ayamba kundifunsa ngati nawonso asende zomata za pa mabatire awo.

Pempho langa ndi lakuti mundibweretsere mabatire awiri a 200Ah enieni, popanda kuonjezera ngakhale tambala, ndipo adzayezedwe ine ndikuona. Ngati simungathe, bwerani mudzachotse katundu wanu yense mundibwezere ndalama zanga. Za nsomba zimene zinaonongeka ndikufuna tikhale pansi tikambirane, mabuku anga oodera ndili nawo.

Waranti ikutha mu Januwale 2025, ndipo sindilola kuti muzindizengereza mpaka tsikulo lidutse. Ndidikira yankho lolembedwa kwa masiku 14. Akatha masiku amenewa ndikapereka nkhaniyi ku CFTC (bungwe loona za chilungamo pa malonda) ndi ku MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), mabatire onse awiri ndi zomata zake ndili nazo m'manja.

Ine kasitomala wanu,
Mayi wa nsomba, Salima