Mayi kazitape wa ku Richmond

Akonzi,

Ine zimandidabwitsa, nkhani ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 ikabwera timangomva za pulezidenti Lincoln ndi majenerali basi. Koma kunali mayi Elizabeth Van Lew a ku Richmond, likulu lenileni la ofuna ukapolo, ankalowa mndende ya Libby ngati okapereka chakudya ndi mankhwala kwa asilikali a boma ogwidwa pankhondo chonsecho akutolera nkhani, makalata achinsinsi nkumawabisa m'makoko a mazira ndi m'nsapato za antchito awo mpaka akafike kwa Grant, mkulu wa asilikali a boma omwe ankamenyana ndi ofuna ukapolowo. Kulimba mtima kumeneko eti!

Grant atakhala pulezidenti anawapatsa positi ofesi ya Richmond mu 1869 kuti aziyang'anira, koma aneba ankawasalabe ngati wachiwembu, anamwalira ali osauka mu 1900. Tilembereniko za amayi oterewa nawonso.

Wowerenga wanu,
Zomba