Kalata yoyamikira a gawo la makutu, mphuno ndi pakhosi ku chipatala cha Beit CURE mu Lusaka

Kwa akuluakulu ndi ogwira ntchito nonse,

Ndine mayi wa ku Matero, ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku msika wa Soweto. Chibadwire sindinalemberepo chipatala kalata yoyamikira, koma lero dzanja lakana kukhala chete. Khutu la mwana wanga wamwamuna, lomwe lakhala likutuluka mafinya kuyambira ali giredi 1, lauma.

Kumene ndinkapita kale sinditchulako, eni ake akudzidziwa. Unkadzuka mbandakucha, kusiya malonda ndi mnzako, kukhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, ndiye ukalowa munthu osadzutsa ndi mutu womwe. Khutulo osaliyang'ana. Akulembera Panado ndi mapiritsi, kenako pawindo akuuza kuti atha, ukagule wekha. Mafinya ankasiya pang'ono n'kuyambanso. Wina anachita kutseka mphuno pamaso pa mwana n'kundifunsa ngati ndimamusambitsa. Kusukulu ankamutcha wamwano poti akamuitana sankatembenuka. Kukomboni nako aliyense ndi dokotala: uyu akuti thira mafuta ophikira, uyo akuti finyira masamba, wina mkaka wa m'mawere.

Choncho tsiku lokwera basi ya ku Great North Road ndinanyamula chitenje choyala ndi mbatata zophika, mtima nditaumanga kale kuti tikakhalitsa ndipo tikanyozedwa. Za makhadi ndi zipinda zomwe tinadutsa sindikuzikumbuka bwino, ndinangozindikira tafika kale kwa dokotala, iwo akusuzumira m'khutu ndi kanyali kawo.

Amene andilembetsa kalatayi ndi asisita ena a msinkhu wa mayi anga aang'ono. Mwana atalowa anaphimba khutu ndi dzanja chifukwa cha manyazi a fungo. Iwo anagwada pansi, yunifomu yawo yoyerayo, kuti maso awo alingane ndi ake, n'kumufunsa m'Chinyanja timu ya mpira yomwe amaikonda. Nkhope osaikwinya ngakhale pang'ono. Kenako anatenga tishu, n'kuipota kuti ikhale yosongoka, n'kundionetsa mmene ndizimwetsera mafinya ndisanadontheze mankhwala. Anandigwira dzanja kuti ndiyese ndekha, ndikapota molobodoka ankaseka n'kunena kuti, “Yambiraninso amayi, sitikuthamangira kulikonse.” Pomaliza analemba kakalata kopita kwa aphunzitsi kuti mwanayo azikhala kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa iwo. Sindinawapemphe zimenezo, anaganiza okha.

Chinandikhudza kwambiri n'chakuti anandiuza chifukwa chake, ngati munthu wokhala ndi mutu. Anati nembanemba ya m'khutu inabooka, ndipo madzi akalowa pa bowolo tizilombo timaswana mkati. Anati ofufuza zachipatala anayerekeza njira zosiyanasiyana n'kupeza kuti pa khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali, mankhwala odontheza ngati ciprofloxacin amaumitsa bwino kuposa mapiritsi akumwa, chifukwa amafika pomwe pali nthendapo. Koma ukadontheza pa khutu lodzaza mafinya uli ngati wothira feteleza pa thanthwe. Anandichenjezanso kuti ndisamagule mankhwala a m'khutu mwachisawawa, poti ena, monga a gentamicin, angathe kuwononga kumva ngati nembanemba ili yobooka. Posamba, thonje lopaka Vaseline pakhomo pa khutu. Basi. Zaka zonse zija panalibe mmodzi wondiuza zimenezi?

Anamuyezanso kumva m'kachipinda kopanda phokoso, atamuveka zomvetsera kumakutu, iye n'kumakweza dzanja akamva kulira. Khutu lodwalalo limamva mochepa ndithu. Dokotala anati tiyang'ane kaye ngati bowolo litsekeke lokha, likakana pali opaleshoni yomata.

Mchemwali wanga, yemwe ndi mphunzitsi, anandiwerengera pa foni lipoti la 2021 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Akuti anthu oposa 430 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto lakumva lofuna thandizo, ndipo mwa ana ovutika kumva, pafupifupi 6 pa 10 alionse amagontha ndi zinthu zopeweka, matenda a m'khutu ali m'gulu lomwelo. Ndinakhala chete. Pamzere wathu womwewu ndikudziwa ana ena oyenda ndi ntchentche kukhutu, makolo awo akungouzidwa kuti zidzatha akakula.

Mundiperekere zikomo kwa asisita aja, ndi kwa abambo a pageti omwe anatilozera njira mwaulemu m'malo motikuwira. Ndipo ngati n'kotheka, pa 3 Malichi, tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira za makutu ndi kumva, muitaneko anzanu ena a m'makiliniki a m'makomboni adzaone mmene tishu imapotedwera. Ya basi ya mmodzi ndilipira ndine.

Ine wanu woyamika,
Mayi wa ku Matero