Lipoti la msonkhano wa zosandutsa malasha kukhala mafuta

Anzanga a m'gulu lathu la kafukufuku,

Ndabwerako bwino kumsonkhano munandituma kuja. Zokamba zinali zambiri, koma chachikulu chomwe ndatolako n'chakuti malasha amasungunuka msanga kuposa m'mene timaganizira, ndipo chipangizo chathu sichiziona zimenezi.

Njira yosandutsa malasha kukhala mafutayi ndi yakale ndithu. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Friedrich Bergius, anailembetsa ngati luso lake mu 1913, fakitale ya ku Leuna m'dziko lomwelo inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1927, ndipo ya kampani ya Shenhua ku Ordos, m'dziko la China, inatsegulidwa mu 2008. Malasha opera amawasakaniza ndi solvent (mafuta osungunulira) n'kuwatenthetsa pa madigiri Celsius 400 mpaka 450, m'chotengera chodzaza haidrojeni wopanikizidwa kwambiri.

Kutentha kukafika pamenepo, mfundo zofooka za m'malasha zimaduka n'kusiya tizidutswa tosakhazikika, ma free radical, tanjala ya haidrojeni. Tetralin, yemwe ndi mtundu wina wa solvent, akakhala pafupi amapereka maatomu anayi a haidrojeni n'kusanduka naphthalene, tizidutswa tija n'kukhazikika. Tetralin akachepa, timagwirananso tokhatokha n'kupanga zolimba zonga makala, zosasungunukanso. Ndi mpikisano wa liwiro basi. Pa malasha okhala ndi vitrinite wambiri (gawo lonyezimira la malasha lochokera ku mitengo yakale), gawo lalikulu limasungunuka m'mphindi zochepa zoyambirira. Chokoka nthawi n'chotsatira chake, pamene zolemera zoyamba kutuluka, preasphaltene, zikusanduka zopepukirapo, asphaltene, kenako mafuta osungunuka mu solvent wopepuka wotchedwa hexane.

Apa m'pamene manyazi anandigwira. Wolankhula wina anatiyendetsera m'manja kachubu kachitsulo kotalika ngati cholembera. Amakaviika mumchenga wotentha wotakasidwa ndi mpweya, kamatentha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi ikakwana amakaponya m'madzi ozizira, zonse n'kuima pomwepo. Chotengera chathu chotenthetsera chija, autoclave, chimafuna pafupifupi ola lathunthu kuti chitenthe. Pamene ife timayamba kuwerenga nthawi, ntchito yaikulu imakhala itatha kalekale. Ma rate constant ndi activation energy (manambala osonyeza liwiro la kusungunukaku ndi mphamvu yofunika kuti kuyambe) omwe takhala tikunyadira aja akufotokoza kumchira kokha.

Masana a tsiku lachiwiri anthu anakangana ngati equation imodzi ya first order (pomwe liwiro limayendera kuchuluka kwa malasha otsala) ikukwanira kufotokoza kusungunukaku. Ine ndili kumbali ya onena kuti pamafunika ziwiri zoyendera limodzi, yothamanga ndi yochedwa, chifukwa malasha si chinthu chimodzi. Za catalyst wa chitsulo, wofulumizitsa ntchitoyi, ndinangomvako pang'ono, nthawi inali itatha.

Pempho langa n'lakuti tiimitse kaye lipoti la kafukufuku wathu lija, tipangitse machubu asanu ndi limodzi, tiyesenso kuyambira mphindi 2 mpaka 60. Mitengo ndibwera nayo tikakumana Lachinayi.